ZA KUYESA WONGA M'MFUTI ZA GOGODERA

Kwa mafumu, anyakwawa ndi eni minda onse.

Cimanga cikayamba kubereka, adani a mlimi acuruka. Nguluwe zifika usiku, anyani ndi apusi afika usana, ndipo kufupi ndi mitsinje mvuu itha kutsiriza munda wa mpunga usiku umodzi wokha. Pa nyengo yotere amuna agona m'zilindo, ndipo iye amene ali ndi mfuti ya gogodera aitsitsa kutsindwi kumene inakhala miyezi yambiri, naithira wonga. Ambiri a iwo sayesa wongawo ndi muyeso weniweni. Wina ayesa ndi cikhato, wina ndi zala, wina angothira kufikira mtima wace wabvomera. Cifukwa ca ici m'midzi muli amuna oduka zala, ena a diso limodzi, ndi akazi amasiye amene amuna ao sanaphedwa ndi cirombo, koma ndi mfuti yao yomwe. Kalata uyu alongosola miyeso imene anthu anazolowera, kumene ilakwa, ndi njira yosungira moyo wa mwini mfuti.

MAU A LAMULO POYAMBA

Gogodera ndi mfuti monga mfuti zina zonse, ngakhale ikhale yakale. M'Malawi Lamulo la Mfuti la caka ca 1967 liti munthu asasunge mfuti popanda ciphaso ca Boma. Lamulo la Nkhalango ndi Nyama za Kuthengo la 1992, limene analikonzanso mu 2017, liletsa kusaka popanda cilolezo, ndipo wopha nyama yotetezedwa monga njobvu akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Cotero njobvu kapena mvuu zikalowa m'minda, nchito yoyamba ya mfumu ndiyo kutuma mthenga kwa oyang'anira nyama za kuthengo. Mau otsatawa ali a munthu amene ali naco ciphaso. Amene alibe ayambe wapita ku Polisi.

KUMENE MFUTIZI ZINACOKERA

Mfuti zambiri za makolo athu zinasulidwa ku Ulaya, makamaka m'mudzi wa Birmingham ku Mangalande. Zinafika kuno ndi amalonda a minyanga ndi akapolo: Ayao ndi Aluya ocokera ku Kilwa ndi Zanzibar, ndi Acikunda ocokera ku Zambezi. Zoyamba zinali za mwala, zimene mwala ukhula citsulo nuturutsa moto. Pambuyo pace zinafika zija za kacisoti kamkuwa kamene ena akacha fataki. M'caka ca 1890 maufumu a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti mfuti zatsopano za makatiriji zisagulitsidwe kwa anthu m'dera lalikuru la Afrika, koma analola mfuti za mwala ndi wonga wamba. Ndico cifukwa cina gogodera anakhalitsa m'midzi mwathu.

Ku Birmingham kuli nyumba yoyesera mipope ya mfuti, imene inakhazikitsidwa mu 1813. Kumeneko mpope watsopano authira wonga woposa muyeso, nauombera m'cipinda colimba mopanda munthu. Ukapirira aulemba cizindikiro pa citsulo. Koma cizindikiroco cicitira umboni mpope monga unaliri tsiku lija. Patapita zaka 100 kapena 150, dzimbiri ladya m'kati, ndipo citsulo caonda pamalo pamene diso siliona. Nanga mfuti yosulidwa m'mudzi ndi mpope wa madzi kapena wa galimoto? Imeneyo sinayesedwa ndi munthu ali yense, ndipo palibe muyeso wa wonga umene tingati uli wabwino kwa iyo. Musaiombe konse.

MACITIDWE A WONGA

Wonga wakuda ukapsya usanduka mpweya wotentha wambiri m'kamphindi. Mpweyawo ufuna poturukira, ndipo ukankha mbali zonse mofanana: kutsogolo ukankha cipolopolo, kumbuyo ukankha phewa la woombera, m'mbali ukankha citsulo ca mpope. Cipolopolo cikacoka msanga, mfuti yalira bwino. Cikacedwa kucoka, kapena mpweya ukacuruka koposa mphamvu ya citsulo, mpope ung'ambika, ndipo ung'ambikira kutsinde, pamene pali dzanja lamanzere ndi nkhope ya mwini.

Anthu ambiri aganiza kuti wonga wambiri ndiwo upha nyama. Si cotero iai. Mpope uli wonse uli ndi malire ace. Kupitirira pamenepo, wonga woonjezawo uonjeza pang'ono pokha liwiro la cipolopolo, koma uonjeza kwambiri kukankha kwa mfuti, utsi, mwaye, ndi kulemedwa kwa citsulo. Munthu amene mfuti yace imkankha kolimba ayamba kuiopa, natsinzina poombera, naphonya. Nguluwe iphedwa ndi kulunjika bwino, si phokoso.

Dziwaninso kuti wonga suli wonse wofanana. Wa njere zazing'ono upsya msanga koposa wa njere zazikuru, ndipo muyeso womwewo wa wonga wosalala upsinja mpope koposa. Wonga wa cinyontho uli wofoka. Munthu akazolowera wonga wonyowa wa m'dzinja namaonjeza muyeso, tsiku limene adzapeza wonga wouma adzaika moyo wace pangozi.

Osula mfuti ayesa wonga ndi kulemera kwace. Dramu limodzi lilemera pafupi magalamu 1.8, ndipo madramu 16 apanga aunsi imodzi. Mfuti yakale ya asilikari a Mangalande yochedwa Brown Bess, ya mpope waukuru, inkalandira pafupi madramu 6. Mfuti ya Enfield ya 1853, ya mpope wocepa, inkalandira madramu 2 ndi theka okha. Izi zinali mfuti zatsopano, zoyesedwa, za wonga wodziwika. Taziculira pano kuti muone kucepa kwa muyeso wa asilikari, si kuti muutsate m'mfuti yanu yokalamba.

MIYESO IMENE ANTHU ANAZOLOWERA

1. Muyeso wa cikhato. Munthu aika cipolopolo pa cikhato, nathira wonga kufikira cipolopolo cabisika. Njira iyi alenje akale a ku Amerika ankaidziwanso. Nzeru yace ilipo, pakuti cipolopolo cacikuru cifuna mulu waukuru, ndi cacing'ono mulu waung'ono. Koma cikhato cotambasuka cifuna wonga wambiri, cofumbata cifuna wocepa, ndipo munthu safumbata mofanana kawiri. Thukuta la m'manja linyowetsa wonga, mphepo iuluza wina, ndipo usiku palibe aona ngati cipolopolo cabisika kapena iai.

2. Muyeso wa zala. Uwu ndiwo wofala kwathu kuno ndi m'maiko ena a Afrika. Munthu athira wonga, nalowetsa ndodo yotsindira, nawerenga zala zingati ndodoyo yatsala pamwamba pa kamwa la mfuti. Mudzamva wina alikudzitama kuti, Yanga idya zala zinai. Kulakwa kwa muyeso uwu kuli patatu. Coyamba, zala za anthu sizilingana, ndipo cala ca munthu mmodzi comwe cinenepa kutsinde ndi kuonda kunsonga. Caciwiri, mipope silingana. Taganizani nkhokwe ziwiri, yaikuru ndi yaing'ono: mukathira cimanga m'zonse ziwiri kufikira m'bondo, kodi cimangaco cilingana? Momwemonso mpope wa magawo atatu mwa anai a inchi ulandira wonga woposa kawiri wa mpope wa theka la inchi, ngakhale zala zikhale zomwezo. M'mpope waukuru wotere cala cimodzi cikhala pafupi madramu 3. Ndiko kuti zala ziwiri zafika kale pa muyeso wa msilikari wa Brown Bess, ndipo wa zala zinai uja waupitirira kawiri. Cacitatu, muyeso uwu ukudziwitsa wonga utalowa kale. Ndani amene akaona kuti wacurukitsa akhuthula mfuti nguluwe iri m'munda?

3. Muyeso wa dzanja. Munthu apisa dzanja m'thumba, natapa wonga, nathira. Uwu suyenera kuchedwa muyeso konse. Mzungu wina mlenje wa njobvu, dzina lace Frederick Selous, anasaka m'dziko la Amatebele, m'Zimbabwe wa lero, kuyambira 1872. Mfuti zace zinali zazikuru, zoponya cipolopolo ca maaunsi 4, ndipo ankazithira wonga ndi dzanja kucokera m'thumba lacikopa. Iye mwini analemba m'buku lace la 1881 kuti kukankha kwa mfutizo kunamuononga mtima wa kuombera, ndi kuti anamva cisoni kuti anazigwirapo.

4. Muyeso wa cotengera ciri conse. Ena ayesa ndi supuni, ena ndi citsekero ca botolo, ena ndi mutu wa kaliwo, ena ndi cikhokho ca katiriji woomba kale. Njira iyi iposa zitatu zija, cifukwa cotengera sicisintha monga dzanja. Koma masupuni salingana, ndi makatiriji ali a misinkhu yambiri. Munthu akataya cace nabwereka ca mnzace, wasintha muyeso osadziwa. Ndiponso supuni yosefukira ndi supuni yosalaza zisiyana kutali. Cotengera cacitsulo cikhoza kuthetheka moto cikagundana ndi citsulo cinzace. Nyanga, nsungwi, mtengo ndi mkuwa sizicita cotero.

5. Muyeso wa khutu ndi phewa. Ena aonjeza wonga pang'ono pang'ono kufikira mfuti yalira mokondweretsa, kapena kufikira phewa lamva. Ameneyo ayesa mpope wace monga acitira ku Birmingham, koma iye aikapo nkhope yace.

MUYESO WOYENERA

Muyeso wabwino ndiwo umene upatsa wonga wofanana lero, mawa ndi mkuca, usana ndi usiku, mtima uli pansi kapena uli m'mwamba. Kuupanga sikufuna ndalama.

Yambani ndi kuonetsa mfuti yanu kwa mmisiri wa mfuti wobvomerezedwa ndi Boma, kapena kwa wogulitsa mfuti wa ciphaso. Iye ayang'ane mpope, tsinde lace ndi kabowo ka moto, nakuuzeni ngati mfutiyo ikali yoyenera kuomba, ndi wonga wolemera bwanji umene iyenera kulandira. Ife sitingakulembereni nambala imodzi ya mfuti zonse, pakuti mfuti iri yonse iri ndi msinkhu wace ndi matenda ace. Musacite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula.

Wongawo ukayesedwa pa sikelo, uthireni m'kansungwi kouma ka mfundo pansi, kapena m'nsonga ya nyanga ya mbuzi. Lembani pamene walekeza, muukhuthule, nimudule cotengeraco pa mzere womwewo. Tsopano muyeso wanu ndiwo kudzaza ndi kusalaza pamwamba. Musasefukize, ndipo musagwedeze lero ndi kuleka mawa, pakuti kugwedeza kutsendereza njere ndi kuonjeza wonga. Boolani kabowo m'mphepete, muumangirire ku thumba la mfuti yomweyo. Mfuti ziwiri zikhale ndi miyeso iwiri. Mukagula wonga wa mtundu wina, bwererani kwa mmisiri, pakuti muyeso wakale unadulidwira wonga wakale.

Coposa ndico kukonzeratu usana. Dulani tinsungwi tingapo ta zitsekero zamtengo, muthire muyeso umodzi umodzi m'kali konse. Asilikari a ku Ulaya a zaka za m'ma 1600 ankabvala lamba wa timabotolo tamtengo totere pacifuwa, ndipo a ku Japan ankacita cimodzimodzi ndi nsungwi. Iwo anadziwa kuti munthu wa mantha kapena wa cangu sayesa bwino.

NDODO YOTSINDIRA NDIYO MBONI

Muyeso wa zala uli woipa poyesa wonga, koma ndodo yotsindira iri ndi nchito ina yabwino. Mfuti iri yopanda kanthu, lowetsani ndodo kufikira pansi, nimulembe mzere pa kamwa la mpope. Mukathira muyeso woyenera ndi cipolopolo, lowetsaninso, nimulembe mzere waciwiri. Kuyambira tsiku limenelo, musanathire wonga lowetsani ndodo. Ikafika pa mzere woyamba, mfuti iri yopanda kanthu. Ikalekeza pa waciwiri, muli wonga kale. Ikatsala pamwamba pa waciwiri, muli cobvuta, ndipo mfutiyo isaombedwe.

Musayese cinthu ici cacabe. Selous uja tsiku lina anakhethemula mfuti koma sinalira. Anaipereka kwa mnyamata wace, ndipo mnyamatayo, posadziwa, anathiranso wonga ndi cipolopolo pamwamba pa zoyamba. Pakuomba kaciwiri mfuti inamgwetsa pansi, mtengo wace unasweka, tsaya lace linang'ambika, ndi phewa linapweteka masiku ambiri. Pa nkhondo ya ku Gettysburg ku Amerika mu 1863, anatola mfuti zothira pakamwa zoposa 27,000. Pafupi 24,000 zinali ndi wonga m'kati, ndipo zikwi zambiri za izo zinathiridwa kawiri kapena koposa. Ngati asilikari ophunzitsidwa anaiwala cotero, nanga mlimi wodzidzimuka m'tulo pa cilindo?

Mzere waciwiri uonetsanso ngati cipolopolo cafika pa wonga. Cikaima pakati pa njira cifukwa ca mwaye, pakhala mpata pakati pa ico ndi wonga, ndipo mpata umenewo utupitsa kapena kuphulitsa mpope, ngakhale muyeso ukhale woyenera. Tsindirani kufikira cakhala pa wonga, koma musasinje monga mulikusinja mphale.

ZOLETSEDWA

Musathire m'gogodera wonga wa m'makatiriji a mfuti zatsopano. Wonga wopanda utsi unapangidwa ku France mu 1884 cifukwa ca mfuti za citsulo colimba koposa. Mphamvu yace iposa kutali ya wonga wakuda, ndipo palibe muyeso wace, ngakhale wocepetsetsa, umene uyenera gogodera. Musanyengedwe ndi maonekedwe, pakuti wina wa iwo uli wakudanso. Cimodzimodzi mitu ya macesi, zophulitsira miyala za ku migodi, ndi wonga wosanganiza m'mudzi umene mphamvu yace isintha tsiku ndi tsiku.

Musathire wonga m'mpope kucokera m'nyanga yaikuru kapena m'thumba. Mfuti ikangolira kumene, kansanza kofuka kakhoza kutsala m'kati. Muyeso umodzi ukayaka uocha zala, koma nyanga yodzala ikayaka icotsa dzanja. Thirani m'muyeso, tsekani nyanga, ndipo pamenepo thirani m'mpope, nkhope ndi cikhato ziri kutali ndi kamwa la mfuti.

Musaike fataki mfuti isanathe kuthiridwa. Musayese wonga pafupi ndi moto wa pa cilindo, nyali kapena fodya, ndipo musauyanike pa phale. Musalowetse misomali, miyala kapena zidutswa za zitsulo m'malo mwa mtobvu, pakuti zikanda mpope ndi kukakamira panjira. Musaonjeze zipolopolo, cifukwa katundu wolemera apsinja mpope monga wonga wocuruka.

Mfuti ikakana kulira, musayang'ane m'kamwa mwace. Nthawi zina moto uyenda pang'ono pang'ono, ndipo mfuti ilira mocedwa. Ilozetseni kopanda anthu, muwerenge kufikira 60 kapena koposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usiku musaombere cinthu cimene simunacione bwino. Cophwanya mapesi m'munda cikhoza kukhala ng'ombe ya mnansi, kapena mwana wobwera ku ukonde.

KUSAMALA MFUTI NDI WONGA

Mwaye wa wonga wakuda ukoka cinyontho nudya citsulo. Tsiku lomwelo limene mwaomba, tsukani mpope ndi madzi ofunda kufikira aturuka oyera, muupukute uume, nimupake mafuta pang'ono. Pakutha pa nyengo ya kulinda, mfuti isabwerere kutsindwi iri ndi wonga m'mimba. Mabvu amanga zisa zao zadothi m'kamwa mwa mpope, cotero yang'anani ndi ndodo musanaithire caka camawa. Wonga usungidwe m'cotengera cotseka bwino, pouma, kutali ndi moto wa m'nyumba, posafika ana, ndipo fataki zikhale pa zokha.

MAU KWA MAFUMU

Inu mafumu ndi anyakwawa, mudziwa nyumba iri yonse imene muli mfuti. Mvula isanagwe, itanani eni ace pa bwalo. Yense aonetse ciphaso cace, muyeso wace womangirira ku thumba, ndi mizere iwiri pa ndodo yace. Mfuti yong'aluka, yomanga ndi waya kapena mphira, kapena yoturutsa utsi kutsinde, ipite ku Polisi. Anyamata asabwereke mfuti za atsibweni ao, ndipo munthu wocokera ku mowa asaikhudze.

Kumbutsaninso anthu anu kuti mfuti siyo mlonda yekha wa munda. Minda yolimidwa pamodzi ilondeka koposa yomwazika m'chire. Mpanda wolimba ndi ngalande yakuya zibweza nguluwe ndi mvuu. Agaru, zitini zoomba ndi moto wa pa cilindo ziingitsa anyani ndi nungu, ndipo utsi wa tsabola wosanganiza ndi ndowe njobvu ziuda. Izi zonse sizidula cala ca munthu.

Cimanga cimene nguluwe yadya cidzameranso caka camawa, koma dzanja logwira khasu likacoka, banja lonse lilowa m'njala zaka zonse. Werengani kalata uyu pa bwalo, kuti osadziwa kuwerenga amvenso. Wakutsina khutu ndi mnansi.